Nthawi ya Mulungu, nthawi ya anzathu: mafunso ndi mayankho kwa otanganidwa a mu Mzuzu

Lachitatu lililonse madzulo timakumana m'makomo kuno ku Chibavi, kagulu kochepa, kupemphera ndi kuwerenga Mawu. Kwa miyezi ingapo nkhani imene inkangobwerabwera inali ya nthawi. Wina wachedwa chifukwa anali pamzere wa mafuta, wina sanabwere n'komwe chifukwa katundu wake wachedwa ku Songwe, wina wabwera ndithu koma akusinza. Ndiye ndinati ndilembe mafunso amene amafunsidwa kawirikawiri, pamodzi ndi mayankho monga ndikuonera ine. Sindine m'busa. Ndine mkulu wa mpingo mu CCAP, wogwira ntchito ya muofesi, kwathu ndi ku Ntcheu koma mu Mzuzu muno ndakhalitsamo. Ena mwa ofunsawa ndi Akatolika, ena a Seventh Day, ena a mipingo ya Pentekoste, anansi athu tonse.

Ndimadzuka 4 koloko m'bandakucha, kugona 10 koloko usiku. Nthawi yopemphera ndiitenga kuti?

Anafunsa ndi mayi wina wogulitsa mandazi ndi tiyi kufupi ndi depoti. Mayi, nthawi yotsala kulibe, ndipo musaidikire. Inu muli mu banki m'khonde, mukudziwa mmene zimakhalira: ndalama ya sheya simudikira kuti itsale mukagula ndiwo ndi makala. Mumaichotseratu, zotsalazo ndiye mumaona kuti zikwana bwanji. Mukanati muzidikira zotsala, bwenzi chaka chikutha bukhu lanu lili loyera.

Tsono musayambe ndi ola lathunthu, mudzalephera tsiku lachitatu n'kuyamba kudzida. Mangirirani pemphero ku chinthu chimene mumachita kale tsiku ndi tsiku. Makala pambaula sayaka nthawi yomweyo, mafuta m'chiwaya satentha pompo. Pamenepo pali mphindi 10 zimene manja akudikira koma mtima uli mfulu. Kwa bambo wa ofesi mwina ndi ulendo wapansi wochoka ku Chiputula kupita m'tauni. Kwa wina ndi pamene ana atuluka kupita kusukulu, nyumba ikadali zii.

Danieli sanali mlova. Anali mmodzi mwa akuluakulu atatu oyang'anira akalonga 120 mu ufumu wa Dariyo, koma katatu pa tsiku ankagwada kuchipinda kwake (Danieli 6). Chinamuthandiza n'chakuti nthawizo zinali zoikika, moti ngakhale adani ake ankadziwa pomupezera. Akatolika anzathu ali ndi pemphero la Mngelo wa Ambuye, la 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo. Onaninso Asilamu ena a mashopu m'tauni muno: Lachisanu masana amakoka chitseko, kaya kasitomala waima pakhomo. Ife timawayang'ana n'kumati koma anthuwa, pamene pali choti tiphunzirepo.

Kodi kutanganidwa ndi tchimo? Nkhani ya Marita ndi Mariya imandipweteka.

Amayi ambiri sakondwa nayo nkhani imeneyi, ndipo ndimawamvetsa. Alendo afika pakhomo, wina ali yakaliyakali kukhitchini, mnzake wangoti khale kumvetsera, mapeto ake woyamikiridwa n'kukhala wokhala pansiyo! Pa msonkhano uliwonse wa mpingo, amayi a Umanyano, gulu la amayi mu mpingo wathu, atapanda kukhala a Marita, tonse tingagone ndi njala, abusa omwe.

Koma werenganinso Luka 10:38-42 mofatsa. Yesu sanadzudzule kuphika. Chimene anatchula ndi nkhawa ndi kuvutika mtima ndi zinthu zambiri. Marita anafika poti mlendo amene ankamuphikira uja sakumuonanso, akungoona m'bale wake amene sakuthandiza, mpaka anapita kukalamula mlendoyo kuti amudzudzule. Ntchito inali yabwino koma inabala mkwiyo. Chimenecho ndicho chizindikiro chimene ine ndimadziyesera nacho: ndikayamba kuwerengera anzanga kuti sakuvutika ngati ine, ndimadziwa kuti ndakhalitsa kukhitchini.

Luka anaika nkhaniyi pamalo ochititsa chidwi. Isanafike, pali fanizo la Msamariya wachifundo, lothera pa kuuza munthu kuti apite akachite chimodzimodzi. Ikangotha, ophunzira akupempha kuti awaphunzitse kupemphera. Kupita kukachita ndi kukhala pansi kumva zaikidwa mogundana, ngati mafuwa a moto umodzi. Ndipo musaiwale kuti pa Yohane 11, Lazaro atamwalira, amene anatuluka kukachingamira Yesu n'kuvomereza kuti Iye ndiye Khristu anali Marita yemweyo.

Ntchito payokha Baibulo siliinyoza. Paulo ankasoka mahema ku Korinto, ndipo Atesalonika anawauza mosapsatira za munthu wosafuna kugwira ntchito. Kuno kumpoto mbiri yathu ikunena zomwezo. Amishoni a Livingstonia atafika ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenako ku Khondowe mu 1894, sanangomanga tchalitchi. Robert Laws anali m'busa komanso dokotala, ndipo pasukulu ya ku Khondowe anyamata ankaphunzira Mawu limodzi ndi ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku.

Mphindi zingati pa tsiku ndizo zokwanira?

Baibulo silinaike chiwerengero. Wamsonkho wa pa Luka 18 ananena chiganizo chimodzi n'kubwerera kwawo atalandiridwa, pamene Yesu anachezera usiku wonse paphiri asanasankhe ophunzira 12. Ine ndimangoti mphindi 10 za tsiku lililonse zimamumanga munthu kuposa mapemphero ochezera kamodzi pa mwezi, kenako masabata atatu osatsegula n'komwe Baibulo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ndimagwira ntchito Lamulungu. Kodi Mulungu amandiwerengera mlandu?

Mu mzinda muno muli anamwino a ku Central ndi ku St John's, alonda, apolisi, othira mafuta m'magalimoto, ophika m'malo ogona alendo. Wodwala sasiya kudwala chifukwa belu la tchalitchi lalira. Yesu anachiritsa pa Sabata mayi amene anakhala wopindika msana zaka 18, ndipo anati Sabata linapangidwira munthu, osati munthu kupangidwira Sabata. Namwino amene akutembenuza wodwala Lamulungu m'mawa sali kutali ndi Mulungu kuposa ine amene ndakhala pabenchi yakutsogolo.

Komabe pali zinthu ziwiri. Choyamba, tsiku limene mwapuma, kaya ndi Lachiwiri, likhaledi lopuma, lisangosanduka la ganyu ina. Chachiwiri, musadzipatule. Uzani mkulu wa mpingo wa kudera kwanu za mashifiti anu kuti nthawi ya mgonero asakuiwaleni, ndipo pezani mapemphero a pakati pa sabata, kaya ndi mphakati kaya a m'makomo ngati athuwa. Wailesi ya Voice of Livingstonia kapena Radio Tigabane imathandiza usiku wa pantchito, koma wailesi sidziwa dzina lanu, ndipo mukadwala siibwera ndi phala.

Ife akulu a mpingo tilinso ndi mlandu pano. Timafulumira kunena kuti uje wafooka, tisanafunse kuti Lamulungu amakhala kuti.

Ndili ndi geni. Ndikatseka tsiku lopembedza, makasitomala apita kwa mnzanga.

Apitadi, ena a iwo. Sindikunamizani kuti mukatseka Lamulungu ndiye Lolemba mugulitsa kawiri. Mwina mutaya ndithu ndalama. Anzathu a Seventh Day amatseka Loweruka, tsiku limene msika umadzaza, ndipo mtengo wake amaumva m'thumba.

Funso loti mudzifunse nokha ndi ili: ndikutsegula chifukwa ana agona ndi njala lero, kapena chifukwa cha mantha? Mnyamata wa kabaza, amene kuno timati Sacramento, yemwe akapanda kupalasa njinga lero ndiye kuti lero kulibe ufa, ine sindingamuloze chala. Ndingomupempha kuti apite ku mapemphero a m'mawa kwambiri, kenako akakwere njinga yake. Koma pali ena a ife amene mpamba unakula kalekale, mashopu awiri, ina ku msika wa Taifa ina ku Luwinga, koma mtima ukadali wa tsiku lija tinayamba ndi tebulo limodzi. Aisraele m'chipululu anauzidwa kutola mana okwanira tsiku limodzi, ndipo amene anasunga mobisa anapeza mphutsi m'mawa mwake. Phunziro linali la kukhulupirira, osati la kadyedwe.

Ndipo pali mbali ya lamulo la Sabata imene timakonda kuidumpha. Pa Deuteronomo 5:14 akutchula wantchito wamwamuna ndi wamkazi, kuti nawonso apume monga iwe. Banja lonse latchena kupita kutchalitchi, mtsikana wantchito watsala akuchapa ndi kuphika kuti abwana akapeze nsima yotentha, Lamulungu ndi Lamulungu, chaka chonse. Mnyamata wa mushopu chimodzimodzi. Ngati kupembedza kwanu kwakwera pamsana pa wina amene sapuma, yambani mwakonza pamenepo.

Ine vuto langa si geni. Ndi mpingo womwewo: kwaya, komiti ya zomangamanga, Sande sukulu, pepa Sande. Kunyumba akudandaula.

Funso ili ndi limene limandikhudza kwambiri, chifukwa ndinadwalapo matenda amenewa. Panali chaka china chimene madzulo aliwonse ndinali ndi msonkhano. Ndinkadziona ngati mzati wa mpingo. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anafunsa mayi ake ngati bambo amagona kutchalitchi. Tinaseka, koma usiku umenewo tulo sindinatione. Ndipo choona chake n'chakuti chaka chimenecho ndi chimene ndinapemphera pang'ono kuposa zaka zonse. Ndinkatsegula misonkhano ndi pemphero, kutseka ndi pemphero, koma ndekha ndi Mulungu ayi.

Kutanganidwa ndi zampingo n'koopsa kuposa kwa geni chifukwa palibe amene angakudzudzule. Aliyense amakuyamikira. Pa Marko 7 Yesu anadzudzula anthu amene ankauza makolo awo kuti thandizo limene akanawapatsa laperekedwa kale kwa Mulungu. Iwo ankatero ndi chuma, ife timatero ndi nthawi. Mayi wokalamba ali kumudzi miyezi isanu osaona mwana wake, yankho n'kumati tili ndi zitsitsimutso.

Mose anali ndi vuto lomweli, kuweruza anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mpaka mpongozi wake Yetero anamuuza maso ndi maso kuti zimenezi si zabwino, adzalema iye pamodzi ndi anthuwo. Anamulangiza kuika atsogoleri a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10. Atumwi nawo, pa Machitidwe 6, anasankhitsa amuna asanu ndi awiri oti aziyang'anira chakudya cha amasiye. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nthawi zambiri amene akuti palibe wina angathe ndi amene sanalolepo wina kuyesa.

Sankhani udindo umodzi, mwina iwiri, umene mukudziwa kuti ndi wanu. Enawo tulani pansi mwaulemu, mupereke nthawi yoti apeze wina, ndipo mumuphunzitse. Adzakunenani kwa mwezi umodzi. Ine ananditcha wobwerera m'mbuyo, koma komiti imene ndinasiya ikuyendabe mpaka lero, mwinanso bwino kuposa kale.

Maliro, zinkhoswe, maukwati, ma bridal shower. Kodi Mkhristu ayenera kupezeka ponseponse?

Ayi, simungathe. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pa zachisangalalo khalani omasuka kupepesa. Envelopu ikhoza kupita popanda inu, ndipo ukwati sulephereka chifukwa inu simunavine.

Maliro ndi nkhani ina. Maliro n'kulirana, ndipo m'tauni muno, mmene ambiri abale athu ali ku Thyolo, ku Dedza, ku Chitipa, anansi ndiwo abale. Pitani, ngakhale kwa ola limodzi.

Koma ndinene chimene chimandiluma. Tinali ndi bambo wina wachikulire, nyumba yachinayi kuchoka pa yanga, amene anadwala miyezi itatu. Tsiku lililonse popita kuntchito ndinkadutsa pakhomo pake n'kumati Loweruka ndidzalowa. Loweruka likafika, china chagwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tsiku limene anamwalira ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinagona pa siwa masiku awiri m'chisanu cha mu Julayi, ndinaperekeza thupi mpaka kwawo. Masiku atatu athunthu anapezeka. Theka la ola loti ndikamuone akadali ndi moyo, akadatha kumva mawu anga, silinapezeke. Mkazi wake anandithokoza kwambiri pamanda, ndipo kuthokoza kumeneko kunandiwawa kuposa chipongwe.

Chichitikireni zimenezo ndinadziikira lamulo: ndikamva kuti uje wadwala, masiku atatu asadutse. Sindikhalitsa, mphindi 20 zakwana, wodwala amatopa. Ndimanyamula nthochi kapena shuga pang'ono, ndimafunsanso amene akumudwazika ngati wadya, chifukwa ameneyo ambiri samufunsa. Pa Mateyu 25 Ambuye anatchula kuzonda wodwala ndi wam'ndende pakati pa zinthu zimene adzakumbuke.

Nanga munthu akandipeza ndili pa changu, n'kuyamba kufotokoza mavuto ake?

Si onse amene muyenera kuwaimira, ndipo Yesu yemwe ku Kaperenao, anthu akumufunafuna m'mawa, anauza ophunzira kuti apite kumidzi ina. Koma onaninso Marko 5. Ali pa ulendo wachangu wopita kwa Yairo, mwana wa zaka 12 ali kayakaya, anaima chifukwa cha mayi amene anadwala zaka 12, n'kumumvetsera mpaka atanena zonse.

Msamariya uja amandithandiza chifukwa nayenso anali pa ulendo, ndipo ulendowo sanauthetse. Anaima, anamanga mabala, anagona usiku umodzi, anasiya ndalama ziwiri zasiliva, zomwe zinali ngati malipiro a masiku awiri a waganyu, anapempha mwini nyumba ya alendo kuti apitirize, n'kulonjeza kuti adzabweranso. Inunso mukhoza kunena kuti, “Achimwene, pano ndikuthamangira kuntchito, koma 5 koloko ndikupezani.” Chachikulu n'chakuti 5 kolokoyo mupitedi.

Chimene ndaona n'chakuti tsiku lodzaza mpaka pakamwa silikhala ndi polowera munthu. Wansembe ndi Mlevi mwina sanali anthu oipa mtima. Mwina ankangothamangira nthawi. Ndimayesetsa kunyamuka pakhomo mphindi 15 nthawi isanakwane, kuti wina akandiimitsa panjira ndisamuyankhe maso ali pa wotchi.

Foni imandidyera nthawi, koma Baibulo langa lilinso m'foni momwemo.

Mafoni ambiri amasonyeza maola amene mwakhala pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Tsegulani muone, muli nokha, chifukwa manyazi ake ndi aakulu. Wophunzira wina wa ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) amene ankati mayeso samupatsa mpata wopemphera ataona zake anangoti kukamwa yasa.

Ngati mukuwerenga Mawu pa foni, zimitsani intaneti kaye. Kapena bwererani ku Baibulo la pepala, silifuna bandulo ndipo magetsi akazima silitha moto. Komanso kutumiza vesi ku magulu asanu ndi awiri m'mawa si kupemphera, ndipo kulemba “RIP” pa sitetasi si kupepesa maliro. Foni yomweyo imbirani nayo mayi anu.

Mapemphero a pabanja amatikanika. Aliyense amafika nthawi yake.

Aphatikizeni ku nsima ya madzulo, pamene mbale zisanachotsedwe, chifukwa ndi pokhapo pamene anthu amakhala pamodzi osaitanidwa. Mwana mmodzi awerenge mavesi ochepa, wina atchule munthu woti timupempherere, nyimbo imodzi, basi. Bambo musasandutse ulaliki. Amene sanafike mumutchule dzina m'pemphero, mawa adzamva kwa ana kuti anatchulidwa.

Ndikangotseka maso kuti ndipemphere, tulo. Makamaka nyengo yozizira ino.

Mu Juni ndi Julayi, chifunga chitakuta Kaning'ina, kupemphera uli m'bulangete ndi kudzinamiza, ndayesapo. Dzukani, sambani kumaso, khalani pampando kapu ya tiyi ili m'manja. Pempherani motulutsa mawu, maso ali otsegula ngati n'kofunika. Palibe vesi yolamula kutsinzina. Maganizo akathawira ku ngongole kapena fizi, musalimbane nawo, chimene athawirakocho chisandutseni pemphero. Masiku amene mawu akusowa, werengani Salimo limodzi mokweza likhale pemphero lanu. Ndipo mukagonabe, ophunzira atatu aja anagona ku Getsemane katatu konse, koma sanachotsedwe ntchito.

Ndatopa kwambiri moti ngakhale kutchalitchi sindikufunako, anthu sindikufuna kuwaona. Kodi chikhulupiriro chatha?

Mwina ayi. Eliya, atangochoka pa chipambano cha pa phiri la Karimeli, anathawira kuchipululu n'kupempha imfa. Mngelo sanamulalikire. Anamupatsa mkate ndi madzi, anamusiya agone, n'kumudzutsanso kuti adye kachiwiri (1 Mafumu 19). Mawu a Mulungu anabwera pambuyo pake. Pa Marko 6:31, ophunzira atasowa ndi mpata wakudya womwe, Yesu anawatenga kuti akapume.

Yambani ndi kugona mokwanira, kudya, ndi kuuza munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Koma ngati masabata akudutsa tulo osabwera, chakudya osalowa, misozi ili pafupi nthawi zonse, kapena maganizo ofuna kudzipha akubwera, musangoti ndi ziwanda kapena kufooka mu uzimu. Mu Mzuzu muno tili ndi mwayi wa chipatala cha St John of God, chimene ntchito yake ndi ya matenda a maganizo. Pitani, ndipo wina akuperekezeni. Ife tidzapitiriza kukupemphererani muli komweko.

Ndangobwera kumene mu Mzuzu, Chitumbuka sindimva, ndipo ntchito siindipatsa mpata wodziwana ndi anthu. Ndiyambire pati?

Inenso ndinafika chomwecho, ndikungodziwa “monire” ndi “yewo”, ndipo miyezi yoyamba ndinkalowa m'tchalitchi mochedwa n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Matchalitchi ambiri a m'tauni ali ndi mapemphero a Chingerezi m'mawa, ndipo Chichewa pafupifupi aliyense amamva, choncho chiyankhulo si mpanda waukulu monga mukuganizira. Nyimbo za Chitumbuka mudzazizolowera msanga kuposa ulaliki. Ine ndinayamba kuimba ndisanadziwe tanthauzo lake.

Musayambe ndi gulu lalikulu. Mapemphero akatha, musathamangire pa geti. Imani mphindi 10, pezani mkulu wa mpingo kapena wapampando wa mphakati, mumuuze dera limene mukukhala, kaya ndi Mchengautuba, Zolozolo kapena Katoto, ndipo mufunse kuti a kumeneko amakumana liti ndiponso pakhomo pa yani. Ine amene anandikoka anali gogo wina wa ku Ekwendeni amene anandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi n'kundifunsa m'Chichewa chothyokathyoka kuti ndimathawira kuti mlungu uliwonse. Ndinasowa poyankha. Lachitatu lotsatira anatuma mdzukulu wake kudzanditenga, ndipo ndinapeza atandisungira kale kampando pafupi ndi mbaula.